Dera lomwe linavotera chipani chimodzi zaka 144 kenako n'kutembenuka: chinachitika n'chiyani ku Elliott County?

Kachere_Indiana
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yakhala ikundizunguza mutu, ndipo ndikufuna odziwa mbiri ya dziko la America andithandize. Kum'mawa kwa chigawo cha Kentucky, kumapiri, kuli kadera kotchedwa Elliott County, likulu lake ndi Sandy Hook. Anthu ake ndi ochepa, kalembera wa 2020 anapeza 7,354 basi, ndipo pafupifupi onse ndi azungu. Derali linakhazikitsidwa mu 1869, ndipo kuyambira chisankho cha 1872 mpaka cha 2012 linkavotera chipani cha Democratic pa mpando wa pulezidenti osaphonya ngakhale kamodzi. Nixon atasesa dziko lonse mu 1972, iwo anavotera McGovern. Reagan atatenga zigawo 49 mu 1984, iwo anapatsa Mondale mavoti oposa 70 peresenti. Obama naye anapambanako kawiri konse. Kufika 2016, Trump anapezako 70 peresenti. Mu 2020 anapeza 75, mu 2024 pafupifupi 80. Mabanja ndi omwe aja, matchalitchi ndi omwe aja. Nanga chinasintha n'chiyani?

TiyanjaneJHB
Achimwene, yankho lake mukulidziwa kale. Tsankho. Anaona munthu wakuda ali ku White House zaka 8, mitima inawawa, ndipo Trump anabwera n'kuwayankhulira zomwe zinali m'mitimamo.

Kachere_Indiana
Achemwali, ndikanavomera msanga, koma anthu omwewa anapatsa Obama 61 peresenti mu 2008. Kentucky yense atamukana, iwo anamuvotera. Mu 2012 Obama anapambana m'ma county anayi okha mwa 120 a ku Kentucky: Jefferson komwe kuli mzinda wa Louisville, Fayette komwe kuli Lexington, Franklin komwe kuli likulu, ndi Elliott. Zimenezi mungazifotokoze bwanji ndi tsankho lokha?

AphunzitsiAMbiri
Tisanafunse chifukwa chimene anachokera, tiyambe tafunsa chifukwa chimene analowera. Ambiri amaganiza kuti anthu osauka a kumapiri ankavotera ma Democrat chifukwa ndi chipani cha osauka. Chiyambi chake si chimenecho ayi. Chiyambi chake ndi nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Kentucky inali ndi akapolo koma sinachoke mu mgwirizano wa dziko, ndiye anthu ake anagawanika, dera ili mbali ya kumpoto, dera ilo mbali ya kumwera. Dzina la Elliott lenilenilo likuchokera ku banja la John Milton Elliott, yemwe anakhalapo m'nyumba ya malamulo ya oukira a kumwera. Nthawi imeneyo wokonda kumwera ankakhala Democrat, wokonda Lincoln ankakhala Republican, ndipo mwana ankatengera bambo wake monga momwe ife timatengera chiwongo.

Umboni wake ndi uwu. Tsikirani kumwera pang'ono m'mapiri omwewo, mupeza Jackson County. Umphawi ndi womwewo, chipembedzo ndi chomwecho, khungu ndi lomwelo. Koma makolo awo anamenyera nkhondo mbali ya kumpoto, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sanavoterepo Democrat pa upulezidenti, ngakhale Franklin Roosevelt amene. Kukanakhala kuti umphawi ndi umene umasankha chipani, madera awiriwa akanavota mofanana zaka zonsezi.

Chimene Franklin Roosevelt anachita m'ma 1930 ndi kuthirira mtengo womwe unali utamera kale. Ndalama za okalamba za Social Security zinayamba ndi lamulo la 1935, ntchito zomanga misewu ndi masukulu zinabwera, magetsi anayamba kulowa m'midzi kudzera m'makopaletivi. Agogo omwe anaona nyali ya magetsi ikuyaka koyamba m'nyumba mwawo ankauza zidzukulu kuti amene anaibweretsa ndi Roosevelt. Kenako Lyndon Johnson anafika yekha ku Inez, m'dera la Martin County kufupi komweko, mu April 1964, pomwe ankayambitsa nkhondo yolimbana ndi umphawi. Choncho panali mizu iwiri, wa makolo ndi wa chitukuko. Funso la a Kachere kwenikweni ndi lakuti mizu imeneyi inauma liti.

mnyamata_wa_Area25
Pepani akuluakulu, ine ndikufunsa ngati wosadziwa. Kadera ka anthu 7,000 kali ndi ntchito yanji pa dziko la anthu oposa 330 miliyoni? Mavoti ake amasintha kanthu?

Kachere_Indiana
Pa kuwerenga kwa mavoti sikasintha kanthu, aise. Kuno pulezidenti sasankhidwa ndi chiwerengero cha anthu onse ngati kwathu. Chigawo chilichonse chili ndi mavoti ake mu Electoral College, onse pamodzi ndi 538, ndipo wopambana amafunika 270. Kentucky ili ndi 8, ndipo wopambana m'chigawomo amatenga onsewo. Maine ndi Nebraska okha ndi amene amagawa. Democrat womaliza kutenga Kentucky anali Bill Clinton, mu 1992 ndi 1996. Chomwe Elliott ikutithandiza ndi kuona bwino matenda omwe agwira madera ambiri akumidzi, chifukwa iyo ndi imene inagwa pomalizira penipeni.

Chimwala_Kasungu
Kentucky imeneyi si ija ya fodya wa bale? Ndimamva kuti mbewu yathuyi inachokera cha komweko.

NamwinoWaKuKentucky
Bambo Chimwala mwakhudza pachilonda penipeni. Ine ndimagwira ntchito pa chipatala china cha kum'mawa kuno, ndipo odwala athu ambiri amachokera ku Elliott ndi madera oyandikana nawo. Mukayenda m'misewu ya kumeneko mumaona zigafa zakuda za matabwa zitangoti mbwee, zina denga linagwa kale. Banja lililonse linali ndi kamunda ka fodya wa bale, mwina ekala imodzi kapena ziwiri m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa malo athyathyathya ndi osowa.

Chomwe chinkachititsa kuti kamunda kakang'ono chonchi kapindulitse ndi lamulo la nthawi ya Roosevelt, la 1938. Boma linkapatsa munda uliwonse mlingo wa fodya woti ugulitse, n'kuika mtengo woti fodya asatsike kupyola pamenepo. Makampani sankatha kumufinya mlimi. Ndalama ya fodya inkafika chakumapeto kwa chaka, ndipo ndi imene inkalipira msonkho wa malo, ngongole ya kugolosale ndi za Khirisimasi. Mlimi aliyense ankadziwa kuti chitetezo chimenechi ndi cha ma Democrat.

Mu October 2004 ndondomeko imeneyi inathetsedwa. George W. Bush anasaina lamulo loti alimi alipidwe chifukwa cha milingo yawo, pafupifupi 10 biliyoni ya madola pa zaka khumi, ndalama zochokera ku makampani a fodya, ndipo Mitch McConnell, seneta wa Republican wa konkuno, anali m'gulu la omwe anakankha nkhaniyi. Zitatero fodya anasamukira kwa alimi akuluakulu a kontirakiti kumadera athyathyathya. Mu 2002 Kentucky inali ndi minda ya fodya pafupifupi 29,000. Pofika 2007 inatsala ngati 8,000, ndipo mu 2017 inali yosakwana 3,000. Taikani zaka zimenezi pambali pa mavoti. Mu 2004 John Kerry anapeza pafupifupi 70 peresenti ku Elliott. Mu 2008 Obama 61. Mu 2012 Obama 49, Romney 47, kusiyana kwa mavoti osakwana 100. Ine sindikunena kuti fodya yekha ndi amene anachita zonsezi, koma chinthu chomwe chinkakumbutsa banja chaka ndi chaka kuti chipani ichi chimatiteteza chinachoka.

Chimwala_Kasungu
Mayi, mwandiuza zomwe sindinaziganizirepo. Ndiye kuti nkhaniyi ikutikhudza ndi ife. Kuno kale fodya wa bale ankaloledwa ma esiteti okha. Ife alimi ang'onoang'ono tinayamba kuloledwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo posakhalitsa Malawi anakhala m'gulu la maiko ogulitsa bale wambiri padziko lonse. Ogula ake ndi makampani omwewo a kunja. Ndiye pomwe mlimi wa ku Kentucky ankalira kuti fodya wake akulowedwa m'malo ndi wotchipa wa kunja, wotchipayo anali wathu ndi wa ku Brazil. Chondiwawa n'chakuti ifeyo sitinalemere nazo. Kunonso zinthu zapita ku kontirakiti, ndipo wa okushoni amabwezeredwa mabelo ake mobwerezabwereza mpaka ndalama yonse kuthera transipoti ndi malo osungira.

gogo_chalo
Zoona a Chimwala. Kuchotsa feteleza, matenanti, ziguduli ndi za galimoto, chotsala n'chochititsa manyazi. Ine ndinasiya, pano ndi soya ndi mtedza.

Chimwala_Kasungu
Soya nayenso mavenda akutibera pa sikelo, agogo. Palibe kothawira.

Mlongoti_Admin
Abale, za mitengo ya mbewu tili ndi mutu wake wapadera. Pano tibwerere ku funso la a Kachere chonde.

TiyanjaneJHB
Ndibwerere pa mfundo yanga, chifukwa manambala omwe a Namwino apereka akundithandiza ine. Kerry, mzungu wolemera wa ku Massachusetts yemwe analuza chisankho, anapeza 70. Patangopita zaka zinayi, dziko lonse likuthamangira kwa ma Democrat chifukwa cha nkhondo ya ku Iraq ndi kugwa kwa chuma, Obama anapeza 61. Indiana, Virginia ndi North Carolina zinatembenukira kwa Obama chaka chimenecho, koma Elliott inabwerera m'mbuyo. Ndipo si Elliott yokha. Mzere wonse wa mapiri a Appalachia mpaka ku Tennessee ndi Arkansas ndi kumene McCain, woimira ma Republican mu 2008, anachita bwino kuposa momwe Bush anachitira mu 2004. Fodya sanali ku madera onsewo. Nanga chinali chosiyana ndi chiyani pa Obama? Musaiwalenso kuti pa chisankho cha chipulula cha ma Democrat mu 2008 Hillary Clinton anagonjetsa Obama ku Kentucky ndi mavoti oposa kuwirikiza kawiri. Ine ndimakhala m'dziko lomwe anthu anaphunzira kukana kuti si atsankho kwinaku akuchita tsankho, ndiye sindivomera msanga anthu akamachotsa khungu pa nkhani ngati iyi.

Nabanda_Houston
Achemwali, tsankho lilipo, ndakumana nalo ndekha kuntchito, sindingakutsutseni. Koma bwerani kuno ku Texas muone. M'malire ndi Mexico kuli Starr County, komwe anthu oposa 95 pa 100 alionse ndi a mtundu wa Hispanic. Chisanafike chisankho cha 2024, Republican womaliza kupambanako anali wa 1892. Hillary Clinton anapezako 79 peresenti mu 2016, chaka chomwe Trump ankanyoza anthu ochokera ku Mexico poyera. Mu 2020 Biden anapulumukira pa 52. Mu 2024 Trump anatenga derali. Awa si azungu a kumapiri. Chomwe akufanana ndi a ku Elliott n'chakuti ndi akumidzi, ndi osauka, ambiri sanafike ku yunivesite, ndi opemphera, ndipo ntchito zabwino zomwe zilipo ndi za ku mafuta ndi gasi kapena zolondera malire. Aliyense woyankhula zochepetsa ntchito zimenezi amamveka ngati akufuna kuwalanda nsima pakamwa.

TiyanjaneJHB
Madera awiri akhoza kufika pamalo amodzi kudzera njira zosiyana. Za Starr sizikufufuta zomwe zinachitika mu 2008 ku Appalachia.

AphunzitsiAMbiri
Pamenepo a Tiyanjane akunena zoona, ndipo ine ndingati kutsika kwa 2008 kuli ndi khungu mkati. Koma kutsika kwakukulu kunachitika pakati pa 2012 ndi 2016, kuchoka pa 49 kufika pa 26, pomwe woimira ma Democrat anali mzungu, Hillary Clinton, mkazi wa Bill Clinton yemwe iwo ankamukonda kwambiri.

MayiMvano_Lilongwe
Nonse mukuzungulira chinthu chachikulu, chomwe ndi chikhulupiriro. Anthu a kumapiriko ndi a Baptist ndi mipingo ina yolimba pa Baibulo. Mu June 2015 khoti lalikulu la dzikolo linalola maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Ku Rowan County, dera lochita malire ndi Elliott, mlembi wa boma Kim Davis anakana kupereka ziphaso za ukwati, ndipo mu September chaka chomwecho anatsekeredwa masiku asanu. Mayiyu anasankhidwa pa tikiti ya Democratic, koma amene anathamangira kukamuchingamira potuluka anali ma Republican, ndipo iye anasintha chipani mwezi womwewo. Anthu a ku Sandy Hook anaona zonsezi zikuchitika pakhomo pawo, patatsala chaka chimodzi kuti avote. Onjezani nkhani yochotsa mimba. Kale munthu ankatha kukhala Democrat wodana ndi kuchotsa mimba, n'kukhala pa mtendere m'chipanimo. Masiku ano malo a munthu wotere ndi ochepa. Mkhristu akauzidwa kuti asankhe pakati pa chipani cha agogo ake ndi zomwe amamva pa guwa, mukuganiza kuti asankha chiyani?

NamwinoWaKuKentucky
Mayi a Mvano, zimene mukunenazi ndimazimva pafupipafupi. Agogo ena omwe ndinkawasamalira anandiuza kuti iwo sanachoke m'chipani, chipani ndi chimene chinawasiya pa njira, ndipo ankanena za mimba ndi mfuti zomwezi. Koma pali chinthu chomwe chimasokoneza mfundo yanuyi. Tsiku lomwelo la mu November 2016, pa pepala lomwelo lovotera, panalinso mpando wa seneta. Ma Democrat anaimika Jim Gray, meya wa Lexington, munthu yemwe sabisa kuti amakonda amuna anzake. Iye analuza chigawo chonse kwa Rand Paul, koma ku Elliott anapambana. Anthu omwe anachonga Trump pamwamba anatsika n'kuchonga Gray.

Komanso derali linali ndi phungu wake m'nyumba ya malamulo ya chigawo, Rocky Adkins, mwana wa ku Sandy Hook komweko, Democrat, yemwe anakhala pampando kuyambira 1987 mpaka 2019. Iyeyu amadana ndi kuchotsa mimba, amayankhula ngati iwo, amapezeka pa maliro awo. Ndende yaikulu ya Little Sandy itatsegulidwa mu 2005 n'kubweretsa ntchito m'dera lomwe mulibe fakitale, anthu ankadziwa yemwe anaimenyera nkhondo. Ndipo Andy Beshear, gavanala wa Democrat, anapambana ku Elliott mu 2019 komanso mu 2023. Ndiye ine ndimaona kuti anthuwa m'mutu mwawo muli zipani ziwiri za Democratic. China ndi cha kwawo, cha anthu omwe amawadziwa nkhope. China ndi cha ku Washington, chomwe amangochionera pa TV, ndipo TV yomwe imayatsidwa m'zipinda zambiri zomwe ndimalowa ndi Fox News, kanema wokondera ma Republican.

MayiMvano_Lilongwe
Za Gray sindimazidziwa, zikomo pondiuza. Komabe pulezidenti ndi amene amasankha oweruza a khoti lalikulu, ndipo mu 2016 panali mpando wopanda munthu woweruza Scalia atamwalira. Wopemphera aliyense ankadziwa zimenezo povota.

DalaivaWaThiraki
Ine ndimadutsa msewu wa I-64 ndi katundu, kuchoka ku Louisville kupita ku West Virginia, ndipo ndimacheza ndi anthu m'malo oimikapo mathiraki. Palibe amene watchula malasha pano. Mu 2011 migodi ya kum'mawa kwa Kentucky inali ndi antchito pafupifupi 14,000. Pofika 2016 anatsala osakwana 4,000. Zaka zisanu zokha, ndipo zonsezo Obama ali pampando. Pa mathiraki ndi pa zipupa pankalembedwa za nkhondo yolimbana ndi malasha. Ku Ashland, mzinda womwe anthu a ku Elliott ambiri ankapita kukagwira ntchito, ng'anjo yaikulu yosungunulira zitsulo ya AK Steel inazimitsidwa kumapeto kwa 2015. Kenako mu March 2016, pa msonkhano wa pa TV ku Columbus, Ohio, Hillary Clinton ananena kuti achotsa ntchito anthu ambiri a m'migodi ya malasha ndi kutseketsa makampani ake. Inde, anapitiriza kunena kuti sakufuna kuwaiwala anthuwo ndipo abweretsa ntchito zina. Koma munthu yemwe wangochotsedwa kumene ntchito samva chiganizo chachiwiri. Trump anabwera, anavala chipewa cha m'migodi ku Charleston, n'kunena kuti abwezeretsa ntchito zawo. Basi nkhani inathera pomwepo.

AphunzitsiAMbiri
Adalaiva, ndiwonjezere ziwiri. Choyamba, Elliott payokha si dera la migodi ikuluikulu ngati Pike kapena Harlan. Amuna ake ambiri anali amisiri oyenda, owotcherera, omanga mapaipi ndi mabayila m'mafakitale ndi malo opangira magetsi, ndipo anali mamembala a mabungwe a anthu apantchito. Bungwe limenelo silinkangokambirana za malipiro. Linkauzanso munthu woti amuvotere, ndipo uthengawo unkachokera kwa mnzake wa pantchito, osati kwa mlendo. Mafakitale akamatsekedwa bungwe limafooka, ndipo mawu amene amatsala m'mudzi ndi a abusa ndi a wailesi.

Chachiwiri, chomwe chinapha malasha kwambiri ndi gasi wotchipa wochokera ku njira yatsopano yobowolera miyala, komanso kuti malasha osavuta kukumba a ku Appalachia anali atatha, pomwe a ku Wyoming ndi otchipa. Malamulo a zachilengedwe anathandizira, koma sanali gwero. Trump atalowa ntchito za m'migodi sizinabwerere. Pomwe ankachoka mu 2021 zinali zochepa kuposa pomwe ankalowa. Koma mavoti ake ku Elliott anakwera. Zimenezi zikundiuza kuti pofika 2020 nkhani inali itachoka pa lonjezo, inali itasanduka ya kuti ife ndi anthu a mbali iti.

DalaivaWaThiraki
Aphunzitsi, anthu omwe ndimacheza nawo amadziwa kuti malasha sadzabwerera. Amati iyeyo ndiye anayesako kutitchula, enawo ankatiyang'ana ngati zinyalala.

Wakumpoto_Mzuzu
Ndikuwerenga zonsezi ndikuona kwathu. Mu 1994 aliyense anavotera wa kwawo, kumwera Muluzi, pakati Kamuzu, kumpoto kuno Chihana, ndipo anthu ankati Amalawi sadzasintha. Koma mu 2009 Bingu, munthu wa ku Thyolo, anapeza 66 peresenti dziko lonse, ndipo kumpoto kuno tinamuvotera mwaunyinji chifukwa cha makuponi a feteleza ndi chimanga chomwe chinali m'nkhokwe. AFORD yomwe inkatenga mipando yonse ya kumpoto inatsala pang'ono kutheratu. Ndiye palibe dera lomwe ndi katundu wa chipani mpaka muyaya.

mnyamata_wa_Area25
Kumpoto mumasintha chisankho chilichonse akulu, musadziyerekeze ndi anthu omwe anapirira zaka 144.

Wakumpoto_Mzuzu
Timasintha chifukwa timayang'ana ntchito, osati mtundu. Funsani a ku Dowa ndi a ku Thyolo kuti anasinthapo kangati.

gogo_chalo
Ana inu, musayambe za zigawo pano. Zimenezi zinatipweteka kale.

Mlongoti_Admin
Agogo anena. Za ndale za kwathu zili ndi malo ake. Wopitiriza ndichotsa uthenga wake.

Mphatso_Anaheim
Ndibwezereni ku America ndi mbali ina ya nkhaniyi, chifukwa mukungoona omwe akuchoka kwa ma Democrat. Kuno ku Orange County, California, dera la anthu oposa 3 miliyoni, kunali kuchimake kwa ma Republican. Nixon anabadwira kuno, ku Yorba Linda. Chisanafike chaka cha 2016, Democrat womaliza kupambana anali Roosevelt mu 1936. Mu 2016, chaka chomwe Elliott inagwa, Hillary Clinton anatenga Orange County, Biden anatenganso mu 2020, ndipo Harris anaisunga movutikira mu 2024. Chifukwa chimodzi ndi kuchuluka kwa anthu ochokera ku Mexico ndi ku Asia. China ndi azungu ophunzira, a madigiri, omwe kale ankavotera Republican chifukwa cha misonkho koma khalidwe la Trump linawanyansa. Ndiye zipanizi zasinthana anthu. Chimodzi chatenga ophunzira a m'matauni, china chatenga antchito a kumidzi. Vuto la ma Democrat n'lakuti California anali nayo kale, ndiye mavoti atsopano a kuno sawonjezera kanthu mu Electoral College, pomwe omwe ataya kumidzi ya Ohio, Iowa ndi Pennsylvania ndi amene amagamula.

Kachere_Indiana
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Koma pali chimodzi chomwe chikundipwetekabe mtima. Lamulo la zaumoyo la Obama linathandiza Kentucky kuposa zigawo zambiri. Gavanala Steve Beshear, bambo ake a Andy, anakuza Medicaid, ndondomeko ya boma yolipirira osauka thandizo la kuchipatala, mu 2014, ndipo anthu oposa 400,000 analowa. Ambiri mwa iwo ndi a kumapiri komweko. Patangopita zaka ziwiri anavotera munthu yemwe ankalonjeza poyera kuti athetsa lamulolo. Inu a Namwino mumawaona anthuwa, amaganiza bwanji?

NamwinoWaKuKentucky
Achimwene, funso limeneli limandivuta nanenso, chifukwa ndaona anthu omwe anayamba kulandira mankhwala a shuga ndi a mtima koyamba m'moyo wawo chifukwa cha lamulo limenelo. Pali zinthu zingapo. Kuno ndondomekoyi inkatchedwa kynect, ndipo ambiri sankadziwa kuti ndi Obamacare yomweyo imene ankaitukwana. Ena ankadziwa koma sankakhulupirira kuti wina angaichotsedi. Koma chachikulu chomwe ndimachiona ndi manyazi. Bambo yemwe ankalandira malipiro abwino pa ntchito ya manja ake, lero ali pa khadi la boma, sathokoza amene wamupatsa khadilo. Amakumbukira ntchito yomwe inatha. Ndipo amayang'ana mnansi wake yemwe sagwira ntchito koma akulandira zofanana, mtima n'kumuwawa.

Musaiwalenso mankhwala opha ululu. OxyContin ndi ena otere anasakaza mapiri ano kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenako kunabwera heroin ndi fentanyl. Agogo ambiri akulera zidzukulu chifukwa makolo ali kumanda kapena kundende. Munthu amene waika mwana wake m'manda, ukamuuza kuti chuma cha dziko chikuyenda bwino, amakuona ngati ukumunyoza. Mu 2016 mmodzi mwa oimira upulezidenti ankati dziko lili bwino tipitirize, wina ankati dziko lawonongeka. Zomwe anthuwa ankaona pa zenera lawo zinkagwirizana ndi wachiwiriyo.

TiyanjaneJHB
Chisoni ndili nacho pa imfa zimenezo. Koma anthu akuda a ku Louisville nawonso ataya ntchito za m'mafakitale, aikanso ana awo m'manda, ndipo sanathamangire kwa Trump mwaunyinji chonchi. Mavuto ndi amodzi, mayankho ndi osiyana. N'chifukwa chake sindikuchotsa khungu pa tebulo.

Nabanda_Houston
Pamenepo ndilibe chokutsutsani nacho, achemwali.

AphunzitsiAMbiri
A Namwino anena za zipani ziwiri m'mutu mwa anthu, koma ndikuona kuti cha kwawocho nachonso chikukokoloka. McConnell anayamba kuima pa useneta mu 1984, ndipo Elliott inkamukana nthawi zonse, mpaka mu 2014 inavotera Alison Lundergan Grimes. Mu 2020 anapambanako koyamba. Adkins atasiya uphungu kumapeto kwa 2019 kukakhala mlangizi wa gavanala, mpando wake unapita kwa Republican, Richard White, pa chisankho chapadera cha February 2020. Ndipo mu 2022, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Kentucky, olembetsa ngati ma Republican anaposa olembetsa ngati ma Democrat. Ku West Virginia zinayendanso chimodzimodzi. McDowell County, komwe kunali anthu pafupifupi 100,000 mu 1950 ndipo pano atsala osakwana 20,000, inavotera Obama mu 2008, Romney mu 2012, kenako mipando ya m'munsi inayamba kutsatira. Kumayamba ndi pulezidenti, kenako seneta, kenako phungu, pomalizira ndi mipando ya m'dera momwemo, okalamba omwe ankakumbukira Roosevelt akamatha.

Kachere_Indiana
Nanga Andy Beshear, poti anthu akumutchula za 2028, ataima pa upulezidenti, Elliott ingabwerere?

DalaivaWaThiraki
Iwalani. Tsiku lomwe adzaime pa nsanja imodzi ndi akuluakulu a chipani a ku New York ndi California, adzasanduka wa ku Washington.

NamwinoWaKuKentucky
Ine ndikuganiza kuti angachepetse mpata koma sangapambane. Amamukonda chifukwa madzi osefukira atawononga kum'mawa kuno mu July 2022 ankabwera mobwerezabwereza, ndipo Adkins ankakhala pambali pake. Pa ugavanala anthu amafunsa za misewu, madzi ndi malipiro a aphunzitsi. Pa upulezidenti adzamufunsa za mimba, mfuti, malire ndi oweruza, ndipo iye anakana kusaina malamulo okhwima oletsa kuchotsa mimba omwe nyumba ya malamulo ya kuno inapanga. Kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 35 kapena 40 ndingakhulupirire. Kupitirira pamenepo ayi.